Mlandu suola, koma munthu amaola

Makolo athu anati mlandu suola, ndipo sananame. Magazi a munthu akakhetsedwa, kapena mwana akagwiriridwa, zaka zikhoza kudutsa 30 koma bala la abale ake limakhala likadali laliwisi. Chimene chikundivuta ine ndi momwe mwambiwu tausandutsira mwala wotsekera khomo la ndende. Nkhani ya akaidi a zaka zambiri ikangotchulidwa pa wailesi, m'minibasi kapena panja pa mzikiti swala ya Ijumaa itatha, yankho limabwera msangamsanga: aolere konko. Mawuwa timawataya mopepuka ngati makoko a nzimbe, osalingalira kuti tikugamula chilango chimene bwalo la milandu silinagamule, chomwe ndi imfa ya pang'onopang'ono m'chipinda chimene munthu sangathe ngakhale kutambasula miyendo.

Maganizo amenewa ndikutsutsana nawo, ndipo mfundo yanga ndi imodzi. Munthu aliyense amene bwalo lamugamula kukhala m'ndende zaka zambiri, ngakhale amene anauzidwa kuti akhalamo moyo wake wonse, ayenera kukhala ndi tsiku lodziwika mwalamulo limene anthu oyenerera adzakhale pansi, aone mbiri yake, amve abale a amene anawalakwira, kenako afunse ngati kupitiriza kumutsekera kukupindulira wina aliyense. Tsikulo likafika ena adzatuluka, ena adzabwezedwa m'chipinda chawo chifukwa akadali oopsa. Chofunika n'chakuti tsikulo likhalepo, lidziwike kuyambira pa tsiku la chigamulo, ndipo lisadalire kuti mkaidiyo ali ndi m'bale ku Capital Hill kapena alibe.

Tiyambe ndi malo amene tikufuna kuti anthuwa aoleremo. Kuchokera kuno ku Manja, ndende ya Chichiri ndi mtunda woti munthu wa mphamvu zake akhoza kuyenda wapansi, ndipo ili moyandikana ndi Bwalo Lalikulu limene limaweruza milandu ikuluikulu. Inamangidwira anthu pafupifupi 800, koma kwa zaka zambiri yakhala ikusunga oposa kuwirikiza kawiri chiwerengero chimenecho. Ku Zomba ndi ku Maula nkhani ndi yomweyo. M'dziko lonse akaidi akhala akupitirira 16,000 m'zaka zaposachedwapa, m'ndende zoyenera kusunga pafupifupi theka la anthu amenewa. Amene anakhalamo amawadziwa mawu akuti shamba: mzere wa anthu ogona chokhala pakati pa chipinda, wina pakati pa miyendo ya mnzake, kuyambira madzulo dzuwa likadalipo kufikira m'mawa. Chakudya ndi nsima ya mgaiwa ndi nyemba kapena nandolo, kamodzi pa tsiku, ndipo mu Okutobala 2022 ngakhale kamodziko kanasowa kwa masiku angapo m'ndende zina. Chifuwa chachikulu ndi mphere zimayenda m'zipindazi popanda chozitchinga.

Wina angaganize kuti ndi mabungwe okha amene amanena zimenezi. Mu Novembala 2009, pa mlandu umene mkaidi wina, Gable Masangano, anasumira boma m'malo mwa akaidi onse, oweruza a Bwalo Lalikulu anagamula kuti kuthithikana kotere, m'zipinda zopanda mpweya wokwanira, ndi nkhanza zimene malamulo aakulu a dziko lino amaletsa. Analamula boma kuti m'miyezi 18 lichepetse kuthithikanako ndi theka. Miyezi 18 ija inatha mu 2011. Maboma asintha kangapo chichokereni pamenepo, ndipo chiwerengero cha akaidi chakwera m'malo motsika. Nthambi yoyendera ndende, imene gawo 169 la malamulo aakulu linakhazikitsa, yakhala ikulemba malipoti onena zomwezi, ndipo malipotiwo amalandiridwa mwaulemu n'kuikidwa m'kabati. Choncho amene akuti aolere konko adziwe kuti mawu awo akukwaniritsidwa ndithu: anthu akuoladi, ndipo boma limene likuwalanga chifukwa chophwanya lamulo nalo likuphwanya chigamulo cha bwalo lake lomwe.

Kwa zaka pafupifupi 70 ndende zathu zinayendetsedwa ndi lamulo la atsamunda la 1956. Lamulolo linkalola kuti mkaidi wa khalidwe labwino achotseredwe gawo limodzi mwa magawo atatu a chilango chake, moti wa zaka 9 ankatuluka zitatha 6. Koma wa moyo wonse analibe chochotseredwa, pakuti moyo sugawika patatu. Khomo lake linali m'manja mwa andale, makamaka kudzera m'chikhululuko cha mtsogoleri wa dziko. Gawo 89 la malamulo aakulu limapatsa mtsogoleri mphamvu yokhululuka kapena kuchepetsa chilango, atamva maganizo a komiti yolangiza za chikhululuko, mmene mumakhala nduna zosankhidwa ndi iye yemwe. N'chifukwa chake chaka ndi chaka, pa 6 Julayi, pa Khirisimasi kapena pa Pasaka, timamva kuti akaidi mazana angapo akhululukidwa. Tikawerenga chikalata cholengeza, kawirikawiri timapeza kuti ndi a milandu ing'onoing'ono amene atha kale theka la chilango chawo, pamodzi ndi okalamba ndi odwala owerengeka. Munthu amene wakhala ku Zomba zaka 20 amamva mayina akuitanidwa mpaka lomaliza, n'kubwerera pa malo ake.

Chikhululuko chotere chili ndi chilema chobadwa nacho. Mkaidi sapatsidwa bwalo loti adzilankhulire, sauzidwa chifukwa chimene wasiyidwira, ndipo alibe kokadandaula. Olakwiridwa nawo safunsidwa. Amangodzidzimuka atakumana ndi munthu uja pamsika. Mu Epulo 2023, pa mndandanda wa akaidi 200 okhululukidwa pa Pasaka panali nduna yakale ya boma imene inamangidwa mu 2020 pa mlandu wogwiritsa ntchito udindo molakwika. Kaya ndunayo inayenera kapena ayi, anthu ambiri anafunsa funso loyenera: kodi mlimi wa ku Chiradzulu wa mbiri yofanana ndi imeneyo akanakumbukiridwa? Palibe akanayankha motsimikiza, chifukwa zokambirana za komitiyo zimachitikira kuseri kwa chitseko.

Ife Asilamu nkhani imeneyi sitiyenera kuimva ngati yachilendo. Ana athu ku madrassah amaphunzira Surah Yusuf, ndipo amadziwa kuti Mneneri Yusuf (alaihi salaam) anakhala m'ndende zaka zingapo zoonjezera pamene mnzake amene anatuluka, woperekera zakumwa kwa mfumu, anaiwala kumutchula. Anakumbukiridwa pokhapokha mfumu italota maloto oizunguza mutu n'kusowa womasulira. Yusuf anali wosalakwa, pamene akaidi ambiri amene ndikuwanena analakwadi, ndipo kusiyana kumeneku n'kwakukulu. Koma dongosolo la ku Egypt lija ndi lomwe takhala nalo ife: kutuluka kwa mkaidi kudalira kuti wina wokhala pafupi ndi mpando wamukumbukira. Tionenso kuti mthenga wa mfumu atafika, Yusuf sanathamangire kukhomo. Anafuna kuti nkhani yake ifufuzidwe kaye poyera, mboni zifunsidwe, choonadi chidziwike. Ena mwa ife amalakalaka kuti Eid nayo izikhala ndi mndandanda wake wa okhululukidwa. Kumeneko n'kungopempha kuti woperekera zakumwa uja azikumbukira kanayi pa chaka m'malo mwa katatu. Chimene tiyenera kufuna ndi chimene anafuna Yusuf, ndicho kumvedwa.

Mu 2025 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano la ndende, patatha zaka zoposa 20 chilembereni bilu yake yoyamba mu 2003. Mwa zatsopano zimene labweretsa ndi dongosolo lotchedwa parole, pamodzi ndi komiti yoliyendetsa. Popeza mawuwa ndi achilendo, ambiri akuwasokoneza ndi chikhululuko. Wokhululukidwa, chilango chake chatha. Wotuluka pa parole akadali pa chilango, kungoti akuchigwirira kunja kwa mpanda pansi pa malamulo okhwima. Amauzidwa kumene azikhala, amakaonekera kwa womuyang'anira pa masiku oikika, akhoza kuletsedwa kuyandikira anthu ena kapena malo ena, ndipo akaphwanya zimene anauzidwa amabwezedwa m'ndende kukamaliza zaka zimene zinatsala. Njira imeneyi ndi yakale pa dziko lapansi. Alexander Maconochie anayamba kuiyesa m'zaka za m'ma 1840 pa chilumba cha Norfolk, ndipo Walter Crofton anaikhazikitsa ku Ireland m'zaka za m'ma 1850.

Tiwayamike aphungu pa lamuloli, koma tisavine msanga, pakuti chigamulo cha Masangano nachonso chinali cholembedwa bwino. Mantha anga ndi awiri. Oyamba ndi akuti lamulo likhoza kugona papepala, popanda ndalama zoyendetsera komiti, zolipira oyang'anira akaidi kunja, ngakhale za mafuta a galimoto. Achiwiri, amene ali aakulu, ndi akuti parole idzasanduka chikhululuko cha pa 6 Julayi chovala malaya atsopano: izidzatulutsa wakuba nkhuku amene watsala ndi miyezi 3, n'kumalambalala wa zaka 30 ndi wa moyo wonse poopa mkwiyo wa anthu. Zikadzatero tidzakhala titalemba lamulo lotulutsa anthu amene amatuluka kale. Wakuba nkhuku safunika komiti. Kuyambira 2000 mabwalo athu ali ndi mphamvu yomupatsa ntchito yothandiza anthu m'dera lake m'malo momutsekera. Phindu lenileni la parole lili pa mlandu wolemera, umene zaka zake ndi zambiri mokwanira kuti munthu asinthe.

Tsopano ndiyankhe otsutsa, ndipo ndiyambe ndi amene mawu awo ndi olemera kuposa onse: mayi amene mwana wake anaphedwa, mtsikana amene anagwiriridwa ali wamng'ono, banja la munthu wachialubino amene anadulidwa ziwalo. Palibe amene ali ndi ufulu wouza anthu amenewa kuti iwalani. Koma tifunse moona mtima zimene dongosolo la lero lawachitira. Mayi uja anaitanidwa kukhoti ngati mboni, anapanikizidwa ndi mafunso, n'kubwerera kwawo wapansi. Kuchokera tsiku limenelo palibe wa boma anapondanso pakhomo pake. Ana a malemu akusowa fizi, ndipo zaka 40 za wakupha uja sizinawagulire ngakhale kope limodzi. Ife amene timakuwa kuti aolere konko timaoneka ngati tikuwaimira, koma kukuwako n'kotchipa, chifukwa sikutilamula kutulutsa ngakhale tambala m'thumba.

Pa mfundo iyi Shariah ili ndi chimene ingaphunzitse dziko, ngakhale dziko lino lili ndi malamulo ake amene tonse, a zipembedzo zonse, timawatsatira. Pa mlandu wa kupha, Qur'an yolemekezeka mu Surah Al-Baqarah inaika abale a wophedwa pakati penipeni pa chiweruzo. Iwo ndi amene ali ndi ufulu wofuna qiswas, wolandira diyah, kapena wokhululuka, ndipo kukhululukako kumatamandidwa koma sikukakamizidwa. Mabwalo a mafumu athu nawo ankadziwa kuti mlandu sutha popanda chipukuta misozi. Komiti ya parole ikhoza kubwezera olakwiridwa gawo la ulemu umenewu. Banja liziuzidwa nthawi ikadalipo, lizipatsidwa ndalama yoyendera, lizimvedwa, ndipo mawu ake azilembedwa. Likhoza kupempha kuti munthuyo asabwerere m'mudzi mwawo, kapena kuti gawo la zimene adzapeze lizithandiza ana amasiye. Mawu a banjali asakhale okhawo ogamula, pakuti tikatero mkaidi wolemera adzagula chikhululuko ndipo wosauka adzafera momwemo. Komabe kumvedwa kotere kukuposa kutali chete amene mabanjawa akulandira lero.

Otsutsa achiwiri amati anthu amenewa akatuluka adzaphanso. Funsoli dziko lino linaliyesa kale, ndipo yankho lake lili m'mabuku a khoti. Mu Epulo 2007, pa mlandu wa Francis Kafantayeni ndi anzake, Bwalo Lalikulu linagamula kuti n'kosemphana ndi malamulo aakulu kupereka chilango cha imfa kwa aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wa kupha, popanda kumva kaye za munthuyo ndi momwe zinthu zinachitikira. Mu 2010 Bwalo la Apilo, pa mlandu wa McLemoce Yasini, linatsimikiza kuti onse amene anagamulidwa mwa njira yakaleyo ayenera kumvedwanso. Ntchitoyi inayamba mu 2015 ku Zomba, motsogozedwa ndi Malawi Human Rights Commission, mothandizana ndi maloya a boma, a Legal Aid Bureau, mabungwe a PASI ndi CHREAA, ndiponso akatswiri ochokera kunja. Akaidi oposa 150 anamvedwanso. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anagamulidwanso kuti anyongedwe, ndipo oposa 100 anatuluka chifukwa oweruza anaona kuti zaka zimene akhala zakwana.

Zimene zinavumbuluka pa ntchitoyi ziyenera kutichititsa manyazi. Mafailo a milandu yambiri anali atasowa, moti munthu ankasungidwa ku Zomba popanda pepala lofotokoza zimene zinanenedwa pa mlandu wake. Ena anali ana pa nthawi ya mlandu. Ena anali odwala misala. Ena anapha pa ndewu ya pamowa kapena podziteteza, ndipo loya wowaimira anamuona kwa nthawi yochepa chabe mlandu usanayambe. Zambiri mwa izi zinadziwika chifukwa anthu anapita m'midzi kukafunsa mafumu, abale a mkaidi ndi abale a malemu. Anthu oposa 100 aja anabwerera pakati pathu, anakayamba kulima, kusoka ndi kulera zidzukulu, ndipo mpungwepungwe umene ena ankalosera sitinauone. Kafukufuku amene anachitika pambuyo pake pakati pa mafumu a m'midzi yokhudzidwayo anapeza kuti ambiri mwa iwo sankagwirizana nacho chilango cha imfa. Amene akuti kuunika akaidi a milandu yolemera n'kosatheka atiuze momwe kunathekera ku Zomba.

Si onse amene amasintha. Alipo amene zaka 25 sizinawafewetse, amene akadali kuopseza mboni ali m'kati, amene akadali kuzunza akaidi anzawo. Amenewa komiti iwakane, ndipo ilembe zifukwa zake. Ma ulamaa athu akale, pokamba za ta'zir, chomwe ndi chilango chimene kukula kwake kumasiyidwa m'manja mwa woweruza, ankalola kuti chigawenga chosamva chisungidwe kufikira zizindikiro za tawba zitaoneka, ndipo zikapanda kuoneka chikhale momwemo. Muyeso unali kusintha kwa munthu, ndipo kuti kusinthako kuoneke pafunika wina woti azikamuyang'ana. Qadhi Abu Yusuf, wophunzira wa Imam Abu Hanifa, polangiza Khalifa Harun al-Rashid ku Baghdad m'buku lake la Kitab al-Kharaj, ananena kuti akaidi azidyetsedwa ndi kuvekedwa ndi chuma cha boma, ndiponso kuti akuluakulu aziunika nkhani zawo pafupipafupi kuti wosayenera kukhalamo atulutsidwe. Abu Yusuf anamwalira m'chaka cha 798. Patha zaka zoposa 1,200, ndipo ife tikadali kukangana ngati kuunika kotere n'kofunika.

Anansi athu anaoloka kale mtsinje umenewu. Zambia inaika parole m'malamulo ake mu 2004. Ku Zimbabwe, bwalo loona za malamulo aakulu linagamula mu 2016, pa mlandu wa Obediah Makoni, kuti kutsekera munthu moyo wonse popanda mwayi uliwonse wounikidwa ndi nkhanza zonyoza ulemu wa munthu. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri ali pa ntchito, wa moyo wonse amaunikidwa akatha zaka 25, ndipo olakwiridwa ali ndi ufulu wokalankhula. Kumenekonso zinthu sizinayende mosalala. Mu 2022 bwalo lalikulu la dzikolo linalamula kuti Janusz Walus, amene anapha Chris Hani mu 1993, atuluke pa parole, ndipo mkazi wa malemu pamodzi ndi anthu miyandamiyanda anakwiya kwambiri. Mkwiyowo unali womveka. Koma chigamulocho chinaperekedwa poyera, ndi zifukwa zolembedwa zimene aliyense akanatha kuwerenga ndi kutsutsa. Mwa dongosolo limene tazolowera kuno, nkhani yotere ikanathera pa mndandanda wa tchuthi kapena ikanangokwiriridwa, kutengera chipani chimene chikulamula.

Parole yokha siingakwanire ngati mabwalo apitiriza kudzaza ndende mothamanga kuposa momwe komiti ingapungulire. Dziko lino silinanyonge munthu chichokereni 1992. Bakili Muluzi atalowa m'boma mu 1994 anakana kusainira imfa ya wina aliyense, ndipo onse amene anabwera pambuyo pake achita chimodzimodzi. Koma m'malo mwa chingwe tabweretsa manambala. Lero si zachilendo kumva zaka 30, 40, ngakhale kuposa apo, ndipo anthu amaomba m'manja. Tiyeni tiwerenge. Mnyamata wa zaka 25 akagamulidwa zaka 45, ngakhale atachotseredwa gawo limodzi mwa atatu, adzatuluka ali ndi zaka 55, ngati chifuwa chachikulu sichimupeza. Bambo wa zaka 45 akalandira chilango chomwecho adzayenera kudikira mpaka 75, ndipo m'ndende zathuzi ndiye kuti adzatuluka ali mtembo. Ngati dziko likufuna kupha munthu linene poyera kuti tikambirane. Ngati silikufuna, lisabise imfa m'masamu.

Chimene chimaopsa wakuba ndi wakupha ndi kudziwa kuti agwidwa ndipo aweruzidwa msanga. Munthu amene wapsa mtima, chikwanje chili m'manja, sawerengera kusiyana kwa zaka 20 ndi 40. Pamene oganiziridwa mlandu wa kupha amatha zaka pa rimandi, chonsecho lamulo limanena za masiku 90, kuonjezera manambala pa chigamulo n'kudzinamiza. Oweruza apatsidwe ndondomeko yomveka ya zilango, kuti mlandu umodzimodzi usamalandire chilango china ku Mulanje, china ku Mzuzu. Ndipo pa chilango chilichonse chachitali woweruza azinena zinthu ziwiri: zaka zimene munthuyo ayenera kukhala m'kati zivute zitani, monga malipiro a mlandu wake, ndi chaka chimene komiti idzayambe kumuunika. Choyambacho ndi chilungamo kwa olakwiridwa. Chachiwiricho ndi chimene chimapatsa mkaidi chifukwa chophunzirira ukalipentala, cholembera mayeso a MSCE, ndi chomvera omuyang'anira. Funsani msilikali aliyense wa ndende kuti wovuta kumusunga ndi uti, adzakuuzani kuti ndi amene alibe chimene angataye.

Tisaiwalenso kuti chilango chachitali sichigwera mkaidi yekha. Kunja kumatsala mkazi amene si wamasiye koma alibe mwamuna, amene amagulitsa tomato tsiku lonse kuti Loweruka anyamule kontena ya chakudya kupita ku Chichiri. Kumatsala ana amene amakula akudziwa bambo awo kudzera pa waya. Namondwe wa Freddy atakokolola nyumba m'munsi mwa phiri la Soche mu Malichi 2023, ku Chilobwe ndi kuno ku Manja, mabanja ambiri anayambiranso moyo pa dothi. Ganizani za banja limene mwamuna wake woti aumbe njerwa ali m'kati, wasintha kalekale, koma palibe amene ali ndi udindo womuyang'ana. Msonkho wathu ukumudyetsa iye m'kati, ndipo sadaka zathu zikudyetsa ana ake kunja. Zaka zoyambirira za mtengo umenewu ndi malipiro a mlandu, ndipo n'zoyenera. Zaka zotsatira tiyenera kumadzifunsa kuti tikulipirira chiyani.

Otsutsa achitatu amati komiti imeneyi idzadya ziphuphu. M'dziko muno mantha amenewo ndi oyenera, ndipo mankhwala ake ndi kuchita zinthu poyera. Mayina a mamembala adziwike kwa aliyense, ndipo pogamula azimva akatswiri a matenda a maganizo, mafumu ndi atsogoleri a zipembedzo, andale akhale patali. Tsiku lounika mkaidi lizifika lokha malinga ndi kaundula, popanda iye kudziwana ndi nyapala kapena bwana wina aliyense. Wosauka apatsidwe womuimira. Chigamulo chilichonse chizilembedwa pamodzi ndi zifukwa zake, wokanidwa aziuzidwa chimene ayenera kukonza ndi chaka chimene adzamvedwenso, ndipo chaka chilichonse Nyumba ya Malamulo izilandira lipoti lonena kuti anamvedwa angati, anatuluka angati, a milandu yanji, ndipo anabwezedwa angati. Okalamba amene sangathenso kuyenda okha ndi odwala amene madokotala ataya nawo mtima aziikidwa patsogolo. Agogo a zaka 75 amene akuchita kunyamulidwa ndi anzawo popita kuchimbudzi saopsa mudzi uliwonse.

Tsopano ndibwere pakhomo pathu, abale ndi alongo anga. Mwezi wa Ramadhan ukafika timanyamula mpunga, shuga ndi sopo kupita kundende, timajambulitsa zithunzi n'kuziika pa Facebook. Imeneyo ndi sadaka, Allah ailandire. Koma munthu amene tinamupatsa sopo uja akatuluka n'kudzaima nafe pa swaff, ena amayamba kuganizira nsapato zawo zimene asiya pakhomo. Palibe amamulemba ganyu, palibe amafuna kumuchititsa lendi, ndipo ana ake amatonzedwa ndi anzawo ku madrassah. Ife aphunzitsi timaziona zimenezi. Komiti ya parole isanatulutse munthu idzafuna kudziwa kumene akakhale, chimene akadye, ndi amene adzamuyang'anire. Mafunso atatuwa akasowa yankho, mkaidi wosauka adzatsala m'kati ngakhale atasintha chotani. Anzathu a Prison Fellowship ali ndi nyumba ku Balaka yophunzitsira ntchito zamanja akaidi amene akukonzekera kubwerera kwawo. Ife tili ndi mizikiti m'dera lililonse la Blantyre, tili ndi amalonda ku Limbe, tili ndi zakaat. Muslim Association of Malawi ndi Qadria Muslim Association of Malawi akhoza kukhala pansi ndi akuluakulu a ndende n'kulonjeza kuti mzikiti uliwonse waukulu uzilandira munthu mmodzi pa chaka, kumupezera ntchito ndi kumuyang'anira.

Mu Hadith yodziwika bwino imene ili m'mabuku a Bukhari ndi Muslim, Mtumiki (swalla Allahu alaihi wasallam) anasimba za munthu amene anapha anthu 99, n'kupita kwa wopembedza wina kukafunsa ngati khomo la kulapa likadali lotsegula. Wopembedzayo anakana, ndipo iye yemwe anakhala wa 100. Kumulanda munthu chiyembekezo kunabala mtembo wina. Wodziwa amene anafunsidwa pambuyo pake sanapeputse mlandu wa munthuyo. Anamuuza kuti khomo lilipo, nam'patsanso lamulo: achoke m'dera limene ankachitiramo zoipa, akakhale pakati pa anthu abwino. M'nkhaniyi muli khomo, muli lamulo, ndipo muli anthu omulandira. Boma likhoza kupereka ziwiri zoyambazo, koma chachitatu chili m'manja mwathu.

Choncho aphungu a dera lanu akadzabwera pa maliro kapena pa Eid, muwafunse mwaulemu koma mosaopa: komiti ya parole yapatsidwa ndalama zingati mu bajeti, yamva akaidi angati amene atha zaka zoposa 15, ndipo mabanja angati olakwiridwa aitanidwa. Ma Sheikh athu aikepo khutba pa nkhaniyi, ndipo makomiti a mizikiti akambirane za amene angamulandire asanagogode yekha. Tikupempha Allah atonthoze mitima ya olakwiridwa, atsegulire olakwa khomo la tawba, ndipo apatse oweruza ndi atsogoleri athu mtima wochita chilungamo kwa wolemera ndi wosauka mofanana. Ameen.